Wa m'chitokosi akufuna mboni

Mu Ogasiti 2013, Ian Brennan, katswiri wojambula nyimbo wa ku America, ndi mkazi wake Marilena Delli, wojambula zithunzi ndi mafilimu, analoledwa kulowa m'ndende ya Zomba ku Malawi atanyamula makina awo. Ndendeyo anaimanga atsamunda kuti izisunga anthu 340, koma iwo anapezamo oposa 2,000. Anajambula akaidi, amuna ndi akazi, akuimba nyimbo zopeka okha, zambiri mwa izo m'chinenero chathu chomwechi. Chimbale chake, I Have No Everything Here, chinatuluka mu 2015 n'kulowa m'gulu la zopikisana pa mphoto ya Grammy ya 2016, zomwe zinali zisanachitikepo m'mbiri ya Malawi. Mphotoyo anatenga ndi Angélique Kidjo, koma mawu a akaidiwo anali atafika kale kutali, mpaka a CBS anatumiza Anderson Cooper ndi makamera a pulogalamu ya 60 Minutes kuti akadzionere okha.

Ife a kuno ku Furancungo, ndi abale athu a ku Tsangano, nkhani imeneyi sitingaimve ngati ya alendo. Oimbawo amalira m'mawu amene ifenso timalirira maliro, ndipo malire otilekanitsa nawo timawadutsa ndi njinga popita kumsika. Koma funso limene likundivuta ndi la kwathu konkuno. Mwana wa m'mudzi mwanu akagwidwa lero pa mlandu wa mbuzi, kapena wa ndewu ya pamowa, kupatula amayi ake obwera ndi kambale ka nsima pachipata, ndani wina amadziwa momwe wagonera usiku umenewo?

Anthu ojambula mafilimu a zochitikadi asonyeza kuti diso la munthu wakunja likalowa m'ndende, zinthu zimagwedezeka. Ku New York kunali mnyamata dzina lake Kalief Browder. Anamugwira mu 2010 ali ndi zaka 16 pomuganizira kuti waba chikwama. Abale ake analephera kupeza madola 3,000 a belo, motero anakhala zaka zitatu pa ndende ya Rikers Island mlandu wake osazengedwa, ndipo pafupifupi zaka ziwiri mwa zimenezo anali m'kachipinda ka yekha. Mu 2013 boma linangousiya mlanduwo. Anabwerera kwawo mutu utasokonekera, ndipo mu Juni 2015 anadzipha ali ndi zaka 22. Mtolankhani Jennifer Gonnerman analemba za iye mu magazini ya The New Yorker, n'kutulutsanso kanema wa m'ndendemo woonetsa mnyamatayo akumenyedwa. Mu Januwale 2016 Barack Obama, potchula dzina la Browder, analetsa kutsekera ana paokha m'ndende za boma lalikulu la dzikolo. Wojambula mafilimu Ava DuVernay anaika nkhani yake mu filimu ya 13th chaka chomwecho, ndipo mu 2021 chigawo cha New York chinakhazikitsa lamulo loti munthu asapyole masiku 15 ali m'kachipinda ka yekha.

Masiku 15 amenewa sanangowatola pansi. Mu Disembala 2015 bungwe la United Nations linavomereza malamulo a kasungidwe ka akaidi otchedwa ndi dzina la Nelson Mandela. Malamulowo amati kutsekera munthu maola 22 kapena kuposerapo pa tsiku popanda wocheza naye ndiko kumuika payekha, ndipo kupitiriza zimenezi masiku oposa 15 motsatizana n'koletsedwa, ngakhale munthuyo atalakwa chotani. Amaletsanso chipinda chamdima ndi chilango chomana munthu chakudya kapena madzi. Madokotala amafotokoza zomwe zimamuchitikira wotsekeredwa yekha: tulo timathawa, amayamba kumva mawu a anthu omwe palibe, mtima umangogunda ndi mantha, ena amadzivulaza. Makolo athu anazidziwa kale zimenezi pamene ankati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Wina anganene kuti awa ndi mavuto a azungu okhala ndi zipinda zambiri zoti n'kupatsa mkaidi chakechake. Ayi ndithu. Orton Chirwa, nduna yoyamba ya zachilungamo ya dziko la Malawi, anagwidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera pa 24 Disembala 1981. Khoti la mafumu linawagamula kuti aphedwe mu 1983, kenako chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Ku Zomba komwe kuja, Orton anakhala nthawi yaitali yekhayekha, nthawi zina ali m'matangadza. Mwamuna ndi mkazi wake anali mumpanda umodzi, koma anatha zaka zisanu ndi zitatu osaonana, kufikira Seputembala 1992 pamene gulu la maloya a ku Britain linaloledwa kuwayendera. Onani apa: zinatengera alendo kulowa pachipata kuti anthu awiri okwatirana aonane nkhope. Mwezi wotsatira, pa 20 Okutobala, Orton anamwalirira m'ndendemo. Mayi Vera anatuluka mu Januwale 1993, ndipo m'malo mothawa fungo la ndende, anadzakhala nthumwi yapadera ya bungwe la maufulu la Africa yoyendera ndende za m'mayiko osiyanasiyana.

Kuno ku Mozambique nakonso tili ndi ojambula athu amene sanaope nkhani zowawa. Inadelso Cossa, mu filimu yake ya 2016 yotchedwa Uma Memória em Três Atos, anabwerera ndi okalamba omwe anazunzidwa ndi apolisi achinsinsi a PIDE kumalo kumene ankawazunzira. Licínio Azevedo anachita cholimba mtima koposa, chifukwa iye analoza chala boma lathu lomwe la ufulu: mu A Última Prostituta ya 1999 ndi Virgem Margarida ya 2012 anafotokoza za amayi amene anasesedwa m'misewu ya mzinda ufulu utangobwera n'kutumizidwa kumisasa ya m'tchire ku Niassa, popanda khoti, ati kukawaphunzitsa khalidwe. Ndipo mu Juni 2021 bungwe la Centro de Integridade Pública linatulutsa zomwe ofufuza ake anajambula mobisa zokhudza ndende ya amayi ya Ndlavela ku Matola, kumene alonda ankatulutsa akaidi kukawagulitsa kwa amuna. Sipanapite masiku, nduna ya zachilungamo Helena Kida inaimitsa ntchito akuluakulu a ndendeyo. Akanakhala mawu okha, bwenzi atawakana. Kanema sanathe kumukana.

Koma taonani kumene makamera onsewa amathera. Ndi ku Maputo, ku Matola, ku Zomba, ku New York, malo amene mtolankhani amafikako pa tala n'kubwerera kukagona kuhotela. Pamene zoopsa zenizeni za m'dziko muno zinachitikira kumaboma akutali onga athuwa. Mu Novembala 2000, pambuyo pa zionetsero za Renamo, anthu oposa 80 anafera m'chitokosi chimodzi cha apolisi ku Montepuez chifukwa chosowa mpweya. Mu Malichi 2009, ku Mogincual m'chigawo cha Nampula, anthu osachepera 12 omwe anagwidwa pa zipolowe za mphekesera za kolera anafa imfa yomweyo. Panalibe wojambula. Dziko linamva mitembo itatuluka kale. Sindikunena kuti zotere zikuchitika pa Furancungo kapena pa Tsangano lero. Ndikunena kuti chimene chinalola kuti zichitike kumeneko, ndicho chitseko chotsekedwa popanda wakunja wosuzumira, sichisankha boma.

Vuto lathu lalikulu m'ndende ndi kuthinana, zimenezo n'zosachita kufunsa. Ndende za Mozambique zikusunga anthu oposa kawiri chiwerengero chimene zinamangidwira. Anzathu a ku Malawi omwe analawako amasimba za anthu ogona chokhala pakati pa chipinda, wina kutsamira pamsana pa mnzake mpaka kucha, nyapala akulamula amene apeze malo a kukhoma. Komabe munthu wa kwathu kuno ali ndi mtolo winanso. Akamusamutsira kundende yaikulu ya ku Tete, achoka kumapiri kozizira kukagwera m'ng'anjo ya m'mbali mwa Zambezi, ndipo mkazi wake kuti akamuone agulitse kaye thumba la chimanga kapena adikire ndalama za fodya. Ambiri amapitako kamodzi, basi. Pakhoti zonse zimayenda m'Chipwitikizi, iye akudziwa Chinyanja chokha, ndiye amasaina kapena kudinda chala papepala limene sakulimva. Akakhala Mmalawi wobwera kudzagwira ganyu m'minda ya fodya ya ku Macanga, abale ake kwawo mwina sadziwa n'komwe kuti wamangidwa, amangoti anatchona. Munthu wotere ali pakati pa anthu ambirimbiri, koma kunja kwa mpanda kulibe amene akuwerenga masiku ake. Mu 2012 bungwe la Amnesty International pamodzi ndi Liga dos Direitos Humanos anapeza bambo wina ku ndende ya Machava atakhala zaka 12 popanda khoti lomupeza wolakwa. Ngati munthu angaiwalike chonchi pafupi ndi likulu la dziko, nanga wa ku Chidzolomondo?

Pano ndiyenera kunena chimene okonda mafilimu sakonda kumva. Kamera payokha situlutsa munthu. Imakwiyitsa anthu kwa sabata imodzi, nduna n'kulankhula, kenako kuli zii. Iliponso ngozi ina: akuluakulu a ndende amadziwa kusesa bwalo ndi kuimika kwaya alendo akamabwera, ndipo mkaidi amene waulula zoona pamaso pa kamera amatsala m'manja mwa omwe wawanenawo wojambula atapita. Ngakhale chigamulo cha khoti sichikwanira. Mu Novembala 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti la ku Malawi linauza boma kuti lichepetse kuthinana ndi theka m'miyezi 18, n'kukana chodzikhululukira chakuti ndalama palibe. Chigamulocho n'chokoma kuwerenga, koma ndende za kumeneko n'zodzazabe mpaka lero.

Amene amatulutsa anthu ndi aja osaoneka pa kanema, oyenda ndi kope m'manja. Ku Malawi, kuyambira mu 2000, athandizi a zamalamulo a Paralegal Advisory Service amalowa m'ndende tsiku ndi tsiku, kulemba amene masiku ake a rimandi apyola, kuphunzitsa akaidi kupempha belo m'chinenero chawo, ndi kuitana oweruza kuti akamvere milandu m'ndende momwemo. Njira imeneyi mayiko ena anadzaitengera. Kwathu kuno, malemu Alice Mabota ndi anzake a Liga anasonkhanitsa masaini a nzika 2,000 n'kupita nawo ku Conselho Constitucional, ndipo mu 2013 khotilo linagamula kuti, kupatula munthu wogwidwa ali mkati mopalamula, woweruza yekha ndiye angalamule kuti munthu atsekeredwe podikira mlandu, osati wapolisi kapena mkulu wa boma. Chigamulo chimenechi n'chuma chathu, koma ndi angati a ife ku Macanga amene anachimvapo? Ngakhale oimba a ku Zomba aja, ena mwa iwo anatuluka chifukwa ndalama zina za chimbale zinalipira anthu otsata mafayilo awo.

Ndikudziwa zomwe ena mukunena mumtima. Mukuti, amene anandibera ng'ombe zanga zolimira ndiye ndimumvere chisoni? Kuberedwa kumawawa, ndipo wakuba alangidwe ndithu. Koma chilango chake ndi kulandidwa ufulu kwa zaka zimene woweruza watchula. Chifuwa chachikulu, mphere ndi misala sizili m'chigamulo. Mkatimo muli ambiri amene khoti silinawapeze olakwa, ena anangonamiziridwa pa mkangano wa malire a munda. Ndiponso malamulo a dziko lino salola chilango cha imfa kapena ndende ya moyo wonse, kutanthauza kuti munthuyo adzabwerera m'mudzi momwemo, kudzatunga madzi pachitsime chimodzi ndi ana anu. Momwe mwamusungira ndi momwe mudzamulandirire.

Tisadikire mzungu wa kamera, mwina sadzabwera. Mboni tikhale ife. Mipingo yathu, imene imadziwa kuyendera odwala kuchipatala, iike tsiku loyendera omangidwa ndi kulemba mayina awo ndi midzi yawo. Mawailesi olankhula Chinyanja aitane woimira boma pamilandu ndi a IPAJ, ofesi imene ntchito yake ndi kuthandiza osauka pa milandu kwaulere, adzayankhe mafunso a anthu poyera. Anyamata athu odziwa kujambula maukwati ndi mafoni akhale pansi ndi amene anatuluka m'ndende, atawapempha chilolezo ndi kuwabisa nkhope ngati akufuna, awajambule akusimba zomwe anaona. Pamenepo sipafunika kalata ya nduna. Mafumu nawo, pamene munthu wawo watengedwa, asangoti zili m'manja mwa boma.

Ndipo inu amene m'bale wanu ali m'chitokosi pamene mukuwerenga izi, lembani tsiku ndi ola limene anamugwira. Lamulo limati aonekere pamaso pa woweruza pasanathe maola 48. Akapyola, pitani ku ofesi ya woimira boma pamilandu kapena kwa a IPAJ, mutenge mnzanu wodziwa Chipwitikizi, mukafunse nambala ya mlandu wake. Akakubwezani, mubwerereko mawa lake.