Wailesi ya kanema nayo iyenera kusekedwa

Aliyense amene ankakwera minibasi pakati pa Jenda ndi pa boma la Mzimba m'zaka za m'ma 2000 akukumbukira mmene ulendo unkafupikira dalaivala akaika kaseti ya Izeki ndi Jakobo. Anthu osadziwana, wina atafukata nkhuku, wina akuchokera ku Joni ndi chikwama chake chamizeremizere, ankaseka limodzi mpaka kuiwala kuti athinana anayi pampando wa atatu.

Lero akatswiri awiriwa kulibe. John Nyanga, yemwe anali Izeki, adamwalira mu 2016 ndipo mnzake Eric Mabedi adamutsatira mu 2021. Nthabwala zawo zidatsala m'mafoni ndi m'timakhadi togulitsidwa pamsika. Womvera lero amasekabe, koma akamvetsetsa amaona kuti amuna aja sankangochita zopusa. Izeki ankafunsa funso la chitsiru, funso limene munthu wanzeru amaopa kufunsa, ndipo yankho likamabwera ndiye kuti wovulidwa ndi bwana, m'busa wadyera kapena mwamuna wonama. Akale adati wamisala adaona nkhondo.

Komabe pali bwana mmodzi amene asangalatsi a dziko lino akhala akumulambalala. Bwanayo ndi bokosi lija limakhala pamalo aulemu m'chipinda chochezera, lofunditsidwa kansalu koluka: wailesi ya kanema.

Kanema adafika mochedwa m'Malawi. Nthawi yonse ya Dr Kamuzu Banda dziko lino lidalibe nyumba yakeyake youlutsira zithunzi, ndipo Television Malawi idayamba mu 1999. Mwina n'chifukwa chake anthu adamulandira ngati mlendo wolemekezeka amene sayankhidwa. Ku Embangweni, ku Edingeni ngakhale ku Luwerezi, banja likagula kanema ndi batire la sola kuchokera ku ndalama za mwana wa ku Joni, mudzi wonse umasonkhana madzulo. Chimene chanenedwa m'bokosimo chimatengedwa ngati chatsika kumwamba. "Ndaonera pa TV" ndi mawu othetsa mkangano pa bawo.

Tsono taonani zimene bokosilo lakhala likuonetsa anthu a ku Mzimba. Mu 2015 lidaonetsa mtsogoleri wa dziko, Peter Mutharika, akuika mwala wa maziko a yunivesite ya Mombera. Kudali nyimbo, kudali magule, kudali zolankhula. Boma lidasintha mu 2020, dzina la sukuluyo lidasinthanso kukhala la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, akuluakulu ena adabweranso ndi makamera awo, koma zaka khumi zidakwana popanda mwana wa munthu kukhala m'kalasi pamalopo. Msewu wa Jenda kupita ku Edingeni nawo walonjezedwa ndi maboma otsatizana, ndipo anthu a m'derali adauona kambirimbiri pakanema usadafike pakhomo pawo.

Kodi wolemba sewero angafunenso chiyani? Nkhani yalembedwa kale. Yunivesite imene ili ndi dzina lachiwiri isadakhale ndi wophunzira woyamba ndi nthabwala yoposa zonse zimene Izeki adapekapo. Munthu waluso akhoza kujambula chimbale chathunthu: wowerenga nkhani akulengeza kuti mwala wa maziko wamaliza maphunziro ake ndipo wavala gauni, mtolankhani akufunsa fumbi la mumsewu maganizo ake pa chitukuko, kenaka uthenga wamalonda wa sing'anga wochiza malonjezo osakwaniritsidwa. Ana angaseke, agogo angaseke, ndipo mawa lake nkhani za 8 koloko angazionere ndi maso ena.

Zoterezi zidachitikapo kwina. Mu 1970 gulu la anyamata anayi a ku America lotchedwa Firesign Theatre lidatulutsa chimbale chimene nkhani yake yonse ndi ya munthu amene wakhala pakanema usiku, akusinthasintha matchanelo. Alaliki, otsatsa malonda, andale ndi mafilimu akale zimasakanikirana mpaka womvera osadziwanso kuti zenizeni ndi ziti. Anthu ankachiyesa misala, koma patapita zaka nyumba yosunga mabuku ya Library of Congress idachiika m'kaundula wa zojambulidwa zofunika kusungidwa m'dzikolo.

Kuno kwathu mpeni udagwiridwa kunsonga. M'malo moti asangalatsi aseke wailesi ya boma, wailesi ya boma ndiyo idaphunzira kuseka anthu. Amene adali ndi makutu m'nthawi ya Bingu wa Mutharika sadaiwale pologalamu ya Makiyolobasi pa MBC, imene inkadula mawu a atsogoleri otsutsa boma monga Bakili Muluzi ndi John Tembo n'kuwasokanso kuti amveke ngati zidzete. Luso lidalipo ndithu, ndipo ambiri ankaseka. Koma idali nthabwala ya wamphamvu kuseka amene alibe poyankhira, yolipiridwa ndi msonkho wa onse, kuphatikizapo osekedwawo. Ubale wa nyumba zoulutsa mawu za boma ndi otsutsa udaipa kwambiri m'zaka zimenezo moti aphungu adafika pozimana ndalama m'bajeti.

Asangalatsi enieni nawo ambiri adalowera kwina. Bon Kalindo, amene anthu amamudziwa kuti Winiko, adakhala phungu wa ku Mulanje mu 2014. Michael Usi, Manganya wa m'sewero la Tikuferanji, adafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, Saulos Chilima atamwalira pangozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa. Palibe cholakwa kuti wazisudzo alowe ndale, ndi ufulu wake ngati Mmalawi wina aliyense. Chovuta n'chakuti amene wakhala kugome la akuluakulu sangathenso kuloza chala mbale imene akudyeramo. Ena otsalawo amadalira mabungwe ndi makampani, ndipo nthabwala yawo imathera pa kusamba m'manja kapena kugula mayunitsi. Uthengawo ndi wabwino, koma si ntchito yokhayo ya msangalatsi.

Achinyamata amene akujambula timasewero pafoni lero ali ndi mpata umene Izeki ndi Jakobo sadaulotepo, chifukwa safuna situdiyo ya ku Blantyre. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amasankha nyama yofewa. Amaseka woledzera, mayi wonenepa, munthu wolumala, ndi mlendo wa kumpoto amene Chichewa chimamupota lilime. Anthu a ku Mzimba nthabwala yomalizayi adatopa nayo. Akukumbukira kuti Chitumbuka chidachotsedwa pa MBC mu 1968 ndipo chidabwerera mu 1994, kotero kusekedwa chifukwa cha kalankhulidwe si nkhani yopepuka kwa iwo.

Mantha a achinyamatawa ali ndi pochokera. Mu 2022 aphungu adafafaniza ndime zina zakale zimene zinkamangitsa anthu chifukwa cholankhula zonyoza boma, koma lamulo la 2016 loona za pa intaneti lakhala likugwiritsidwa ntchito kunjata anthu pa zimene alemba pa WhatsApp ndi Facebook. Mu 2024 bwalo la milandu m'boma la Dowa lidapeza munthu wina wolakwa chifukwa cha kavidiyo koonetsa chidole chovina chokhala ndi nkhope ya Lazarus Chakwera, yemwe adali mtsogoleri wa dziko panthawiyo. Mnyamata wa pa Jenda akamva zotere, amabwerera kwa woledzera uja, amene sangamuitanire apolisi. Apolisi ndi mabwalo ayenera kusiyanitsa kuopseza munthu ndi kumuseka. Mtsogoleri amene amaonekera pakanema tsiku ndi tsiku pa ndalama za anthu asadabwe anthuwo akamujambula akuvina.

Ndipo mwambo wodzudzula mwanthabwala si wachilendo ku Mzimba. Amayi akhala akuimba pamtondo za apongozi ovuta ndi za amuna amene adapita ku Joni n'kuiwala kwawo, mwini nkhani ali pompo akumva koma osatha kuyankha. M'nyimbo za vimbuza namonso mumatuluka madandaulo amene pabwalo sanganenedwe. Palibe mfumu yanzeru idamangitsapo mayi chifukwa cha nyimbo ya pamtondo.

Wailesi za m'madera, monga Mzimba Community Radio, ndizo zili pafupi ndi luso limeneli. Theka la ola pa sabata lingakwane: achinyamata atatu kapena anayi, maikolofoni imodzi, m'Chitumbuka chawo chomwecho, akuwerenga nkhani za madzulo monga mmene anthu a ku Edingeni amazimvera. Gawo loyamba likhoza kuyambira pamwala wa maziko uja.