Ana Athu Aphunzire Kuwerenga Nthaka

Chaka ndi chaka, pamene ana otsiriza Folomu 4 asankha maphunziro a ku Yunivesite, timva mayina omwe aja: udokotala, uloya ndi kuwerengera ndalama. Ntchito zimenezi n'zabwino, ndipo sitizinyoza ayi. Koma lero tifuna kulankhula ndi aphunzitsi pamodzi ndi antchito a Boma za maphunziro ena amene ana ambiri angowalumpha pa pepalapo chifukwa palibe anawafotokozera, ndiwo maphunziro a miyala, nthaka, madzi ndi nyengo. Ife tikhulupirira kuti dziko limene ana ake sadziwa kuwerenga nthaka yake lidzakhala likufunsa alendo za munda wake womwe mpaka kalekale.

M'masiku a Atsamunda, oyeza miyala ya dziko lino anali Azungu. Frank Dixey anafika mu 1921 kudzakhala katswiri wa Boma wa za miyala, nayenda m'mapiri athu zaka zambiri, ndipo mu 1937 iye ndi anzake analemba za miyala yachilendo ya pa chisumbu cha Chisi m'nyanja ya Chilwa, imene akatswiri a maiko ena aitchulabe kufikira lero. Anthu athu ndiwo anali kusenza katundu, kulozera njira ndi kukumba maenje, koma mapu ndi mabuku analemba ndi ena. Pa nthawi imeneyo tinali nacho chowiringula, pakuti Yunivesite yathu yoyamba inatsegulidwa mu 1965. Lero chowiringulacho chinatha.

Tinazolowera kunena kuti chuma chili m'nthaka, ndipo ponena mawuwo tinali kuganiza za chimanga, fodya ndi mtedza. Tsono zaoneka kuti kunsi kwa mizu kuli chuma chinanso. Ku Kayelekera m'boma la Karonga mgodi wa yureniyamu unatsegulidwa mu 2009, unaima mu 2014 pamene mtengo unagwa, ndipo unayambanso mu 2025. Ku Kangankunde ku Balaka ndi ku phiri la Songwe ku Phalombe kuli miyala yosowa yofunika popanga maginito a magalimoto oyendera magetsi. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kuli rutile ndi graphite, ku Kanyika ku Mzimba kuli niobium, ndipo ku Mchenga ku Rumphi akumba malasha kwa zaka zambiri. Ambiri tikumbukanso ndege za Kauniuni zimene zinali kuuluka chapansipansi poyeza dziko lonse, zotsatira zake n'kulengezedwa mu 2015. Koma ndege ingoloza malo basi. Wotsimikiza chimene chili pansipo ndi munthu woyenda ndi nyundo m'manja.

Apa ndipo pagona nkhani. Kampani ikafuna kutsegula mgodi iboola pansi nitulutsa miyala yobulungira yonga minsi, niitumiza kukayezedwa, nilemba lipoti lonena kuti pansipo pali matani akutiakuti a mwala wakutiwakuti. Mapangano, msonkho ndi gawo la Boma zichokera pa lipoti limenelo. Ngati kumbali ya Boma kulibe munthu wodziwa kuwerenga lipotilo ndi kubwereza yekha miyeso yake, tifanana ndi mwini ng'ombe amene akhala m'nyumba, nalola wogula kuti apite yekha kukhola kukaona kunenepa kwake. Sitinena kuti makampani onse ngachinyengo. Tinena kuti malonda abwino afuna maso kumbali zonse ziwiri. Boma linachita bwino kukhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA mwa lamulo la 2017, ndi linanso loyang'anira migodi mwa lamulo la 2023. Koma lamulo lilibe miyendo yopitira ku mgodi, kapena manja otungira madzi a mumtsinje kukaona ngati muli poizoni. Miyendo ndi manjawo ndiwo ana amene ali m'makalasi mwathu lero.

Ndipo nkhaniyi si ya chuma chokha. Ndi ya moyo. Mu Disembala 1946 Napolo anatsika m'phiri la Zomba nakokolola milatho ndi anthu. Mu Malichi 1991 anatsika m'phiri la Michesi nasesa midzi ya ku Phalombe. Mu Malichi 2023, ndi namondwe wa Freddy, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu kunalinso maliro osaneneka. Wophunzira za nthaka adziwa mayendedwe a ngozi imeneyi. Pa mapiri athu ambiri dothi ndi lochepa, ndipo linagona pa thanthwe lolimba lotsetsereka. Mvula ikagwa masiku angapo osakata, madzi alowa kufikira pathanthwepo nasowa kopita, kotero kuti dothi lilemera, literereka, lilowa m'khwawa ndi kutenga mitengo ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Kawirikawiri litsata njira imene linadzeramo kale, ndipo miyala ikuluikulu yomwazika m'tsinde mwa phiri ndiyo mboni ya ulendo wakalewo. Munthu wophunzira angathe kujambula njira zimenezi pa mapu, nauza khonsolo kuti apa pasamangidwe sukulu, apa pasagawidwe mapuloti. Kuletsa mvula sitingathe, koma kusamanga m'njira ya Napolo tingathe.

Chimodzimodzinso ndi madzi akumwa. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje ilipo mijigo imene inakumbidwa ndi ndalama zambiri koma itulutsa madzi amchere, anthu n'kubwerera kumtsinje. Kudziwa pokumba ndi kuya kwake ndi ntchito ya katswiri wa madzi a pansi pa nthaka. Ndiponso dziko lathu linakhala m'chigwa chachikulu chong'ambika, n'chifukwa chake zivomezi zinagwetsa nyumba ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009. Omanga milatho, madamu ndi zipatala ayenera kukhala ndi wowauza za pansi pamene amangapo.

Kophunzirira kulipo. Ku Zomba, Yunivesite ya Malawi iphunzitsa za miyala pamodzi ndi Jogalafe. Ku Thyolo, MUST, imene inatsegulidwa mu 2014, ili ndi sukulu ya Ndata yophunzitsa za miyala, nyengo, madzi ndi kupewa ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ku Blantyre, MUBAS iphunzitsa uinjiniya wa migodi, pamene LUANAR ndi Yunivesite ya Mzuzu ziphunzitsa za chilengedwe, nkhalango ndi madzi. Wotsiriza maphunzirowa angagwire ntchito ku Dipatimenti yoyeza miyala ku Zomba, ku Dipatimenti ya zanyengo, ku DoDMA, ku mabungwe a madzi, m'makhonsolo, m'makampani a migodi ndi omanga misewu, kapenanso kubwerera m'kalasi kukaphunzitsa ena.

Sitibisa kuti ntchito yake si ya tayi ndi mpando wofewa. Ili ndi masiku ogona m'tenti, kukwera mapiri dzuwa likuswa mtengo, ndi kusenza matumba a miyala. Sitibisanso kuti makampani a migodi alemba anthu mitengo ikakwera nawachotsa ikagwa, monga zinachitikira ku Kayelekera. Mwana auzidwe zonsezi poyera, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, pakuti mwala sufunsa ngati dzanja louswa ndi la mnyamata kapena la mtsikana.

Kwa inu aphunzitsi tinena kuti m'mera mpoyamba. Khomo la maphunzirowa litsekeka msanga, pa tsiku limene mwana wolowa Folomu 3 asiya Fizikisi kapena Kemisitiri, kapena ataya mtima pa Masamu, osadziwa chimene wataya. Muuzeni asanasankhe. Tulukani nalo kalasi kukaona chigwembe chimene chikudya munda kuseri kwa sukulu, ndipo mwana aliyense abwere ndi mwala wa kwawo, kuti Jogalafe ichoke m'buku.

Kwa inu antchito a Boma tinena kuti kuphunzitsa mwana zaka zinayi n'kumusiya akuyendayenda ndi satifiketi m'thumba ndiko kulima munda wosakolola. Pokonza ndondomeko ya chuma ndi mndandanda wa malo a ntchito, kumbukirani malo a akatswiriwa, makamaka m'maboma a kumapiri ndi a kuchigwa. Ndipo katswiri wanu akalemba kuti malo akuti ngoopsa, musaike pepala lake pansi pa mafayilo ena chifukwa wofuna puloti ndi munthu wodziwika.

Akatswiri ochokera kunja tiwalandirabe ndi manja awiri, ndipo tiphunzira zambiri kwa iwo. Koma mlendo ndi mame. Pangano lake likatha akwera ndege. Otsala m'tsinde mwa Michesi, akumwa madzi a pa mjigo ndi kulima pafupi ndi mgodi, ndife eni dziko. Tiyenera kudziwa pamene tapondapo.