WOGULITSA MAPILITSI PA MSIKA AKUKUMBIRA MTUNDU MANDA

Mvula ikagwa udzudzu umaswana, ndipo malungo amalowa m'nyumba za anthu. Nyengo yomweyo ndi imene anthu ena adyera amaisandutsa yokolola. Amayala mapilitsi pa thebulo pakati pa sopo ndi macesi, nagulitsa awiri kapena anai molingana ndi ndalama imene wodwala ali nayo. Ena amawacha anthu othandiza. Coonadi ndi cakuti iwowa ndi adani a mtundu, ndipo yense wogula kwa iwo akuthandiza kuononga mankhwala amene dziko lonse likudalira.

Akulu-akulu akukumbuka bwino Chloroquine. Anali mankhwala ochipa ndi amphamvu, ndipo anaciritsa anthu kwa zaka zambiri. Koma anayamba kupezeka pali ponse, namamwedwa mwacisawawa: mutu ukawawa Chloroquine, thupi likatentha Chloroquine, mapilitsi awiri lero, otsala kusungira mawa. Mu 1978 kunamveka kuti kum'mawa kwa Africa tizirombo ta malungo tayamba kupirira mankhwalawa, ndipo bvutoli linafalikira kufikira muno. Dziko la Malawi linawasiya mu 1993 ndi kutenga Fansidar, amenenso sanakhalitse. Zambia inasankha Coartem mu 2002, ndipo inali pakati pa maiko oyambirira mu Africa kucita zimenezi. Pa zaka za pakatipo ana ambiri anaikidwa m'manda atamwa mankhwala amene anali atatha mphamvu.

M'mene zimacitikira si zobvuta kumva. M'magazi a munthu wodwala malungo muli tizirombo miyanda-miyanda. Mankhwala akalowa, tofooka timafa msanga, tolimba timatsalira. Wodwala akamaliza mankhwala onse, ndi totsalirato timafa. Koma akalekera panjira cifukwa thupi lazizira, tolimba tija timapulumuka, timaswana, ndipo udzudzu umatitenga kukatipatsira mwana wa mnansi. Mlimi amene apalira theka la munda nasiya kaufiti kwinako asadabwe akaona munda wonse wafiira caka camawa.

Coartem ali ndi mankhwala awiri m'pilitsi limodzi. Artemether amakantha mwamsanga, ndiye cifukwa cace wodwala amamva bwino tsiku laciwiri. Lumefantrine amakhalitsa m'thupi kuti atsirize nchito. Munthu wamkulu ayenera kumwa mapilitsi 24 m'masiku atatu, anai-anai kasanu ndi kamodzi, pamodzi ndi cakudya ca mafuta monga mkaka kapena phala la nsinjiro, pakuti mafuta ndiwo amathandiza mankhwalawa kulowa m'magazi. Tsono wogulitsa mapilitsi anai okha akugulitsa ciani? Iye akugulitsa mpumulo wa tsiku limodzi, nasiya tizirombo tamoyo titalawa kale mankhwala.

Mankhwalawa sanatoledwe pa njira. Gwero lace ndi artemisinin, amene anapezeka ku China mu 1972 ndi gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi mai Tu Youyou, atayesa mitundu yambiri-mbiri ya zitsamba. Mai ameneyu analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Kupeza mankhwala atsopano kumatenga zaka zoposa khumi ndi cuma cambiri. Kuwaononga kumangofuna umbuli ndi dyera.

Cakudza siciimba ng'oma, koma ici cayamba kale kumveka. Ca m'ma 2008 akatswiri anapeza kuti ku Cambodia tizirombo tayamba kucedwa kufa ndi artemisinin. Mu 2020 zizindikiro zace zinapezeka ku Rwanda, kenaka ku Uganda, ku Eritrea ndi ku Tanzania, dziko locita malire ndi Zambia. Lipoti la bungwe la World Health Organization la 2024 linachula Zambia pakati pa maiko amene akukaikiridwa. Coartem akali kuciritsa, ndipo wodwala asaope kumwa. Koma ngati mankhwala awa agwa monga anagwera Chloroquine, oyamba kufa adzakhala ana a m'midzi. Mu 2023 malungo anapha anthu pafupi-fupi 600,000 pa dziko lonse lapansi, oculuka koposa a mu Africa, ndipo ambiri mwa iwo ana osakwana zaka zisanu.

Oikira kumbuyo malonda a pa msika amati cipatala ciri kutali. Ndi zoona kuti madera ena mtunda ndi wautali, ndipo kudandaula kumeneku kuyenera kufika kwa makhansala ndi aphungu a nyumba ya malamulo kosalekeza. Koma kutalika kwa njira sikusandutsa wogulitsa tomato kukhala dokotala. Iye alibe copimira magazi, sadziwa kulemera kwa mwana, ndipo sadziwa ngati mapilitsi ace ndi enieni, onyenga kapena opitirira nthawi. Si kutentha kwa thupi kuli konse kumene kuli malungo. Mwana wa cibayo akapatsidwa Coartem amataya masiku amene akadapulumukira. Ndico cifukwa cace kuyambira 2010 lamulo la zaumoyo likuti magazi apimidwe coyamba. Kupimako kumatenga mphindi zosapitirira 20, ndipo m'midzi yambiri muli anchito a zaumoyo ophunzitsidwa kupima ndi kupereka mankhwala. Malipiro a m'zipatala za Boma za kumidzi anacotsedwa mu 2006.

Amatinso ku cipatala mankhwala amasowa. Funso ndi ili: nanga a pa msikawo acokera kuti? Ena mwa iwo ndi omwe aja anayenera kuperekedwa kwaulere, koma anaturukira ku khomo la kumbuyo. M'mwezi wa May 2025 dziko la America linalengeza kuti lidzadula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pa caka cifukwa ca kubedwa kwa mankhwala muno. Manyazi otere agwera mtundu wonse. Wogula mankhwala akuba ndiye amene amasunga mbala pa nchito yace, ndipo mawa adzapeza shelefu ya ku cipatala iri mbee.

Akatswiri a ku Ndola, pa malo amene anakhazikitsidwa mu 1975 ndi dzina la Tropical Diseases Research Centre, ndi anzao a ku Macha m'cigawo ca kumwera akucita mbali yao pofufuza za malungo. Koma iwo sangaime pa khomo liri lonse kuwerenga mapilitsi. Nchito imeneyo ndi ya mafumu, anyakwawa, atsogoleri a m'nthambi, magulu a amai ndi acinyamata. Pa msonkhano uli wonse nkhani iyi inenedwe poyera. Wodwala apimidwe asanamwe kanthu. Wopatsidwa mankhwala amalize onse, osagawira mbale, osasungira mawa. Maukonde a udzudzu apacikidwe pogona, asapite ku mtsinje kukagwira nsomba kapena ku dimba kukachinga nkhuku. Wogulitsa mankhwala popanda cilolezo aneneredwe kwa apolisi kapena ku bungwe la Zambia Medicines Regulatory Authority, ngakhale akhale mphwa wa mfumu.

Mtundu unataya Chloroquine, unatayanso Fansidar. Mudzi umene udzalekerera thebulo la mapilitsi pa msika wace udzayankha mlandu kwa ana ace ngati Coartem nayenso atayika.