Khoka likapala pansi, chambo chikaswanira kuti?

Wofuna chambo chachikulu pa gombe la Malindi masiku ano ayenera kulawira, ndiponso akhale ndi chikwama chonenepa. M'mabeseni mumadzaza usipa, kambuzi ndi kasawala, tiana ta chambo tomwe sitinafike n'komwe msinkhu woikira mazira. Asodzi amati nsomba zinathawira kuya. Zoona zake n'zakuti nyumba yake tinaigwetsa.

Kunyanja zamchere anthu amateteza matanthwe a korali chifukwa ndi momwe nsomba zimabisala ndi kuswana. Nyanja ya Malawi ilibe korali, koma ili ndi zake: miyala, udzu wa pansi pa madzi ndi bango la m'mphepete. Mbuna, tinsomba tamawangamawanga tija, timakhala moyo wonse pakati pa miyala ngati ya pachilumba cha Boadzulu. Tinsombati tinachititsa kuti boma likhazikitse Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984.

Chambo chili ndi kakhalidwe kakenso. Chachimuna chimakumba chisa pamchenga, chachikazi n'kufungatira mazira m'kamwa mpaka ataswa, kenako chimakatula ana m'madzi osaya momwe muli udzu. Tsono makoka a nkacha kapena kandwindwi akamakokedwa, amadutsa pomwepo, kufafaniza zisa ndi kuzula udzu. Neti yoteteza udzudzu imabwera kudzatola zotsala. Kumtunda nako, eni malo ogona alendo amatchetcha bango kuti mlendo apeze mchenga woyera.

Wokayika apite ku Malombe, ulendo wosatopetsa kuchokera pa boma la Mangochi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 nyanja yaing'onoyi inkapereka matani zikwizikwi a chambo pachaka. Patangotha zaka khumi chinali chitasowa, pansi pa nyanja pali mbee ngati bwalo la mpira. Makomiti a m'magombe anayambira kumeneko mu 1993, lamulo la usodzi la 1997 linawapatsa mphamvu, koma chambo sichinabwererebe mmene chinalili. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Kutseka nyanja mu Novembala ndi Disembala n'kwabwino, koma sikukwanira ngati mu Januwale khoka likubwerera pamalo omwewo. Pafunika malo osaponyedwa khoka chaka chonse, odziwika malire ake, osankhidwa ndi asodzi eni ake. Ku Mbenji, m'boma la Salima, ufumu wa a Makanjira wakhala ukutseka chilumba nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Utaka ulipobe kumeneko. Mphamvu ya lamuloli ili pakuti mfumu siyang'ana nkhope.

Msodzi wa ku Malindi ali ndi dandaulo lomveka: ana adya chiyani lero, pomwe ngalawa zikuluzikulu zikukoka pafupi ndi gombe popanda woziletsa? Dipatimenti ya usodzi iyambe ndi ngalawa zimenezo. Ikatero, mafumu ndi makomiti a kum'mawa kwa nyanja adzapeza pakamwa pouzira mwini bwato kuti pa bango paja asaponyepo khoka.