Dzina la bizinesi yanu pa intaneti lili m'manja mwa ndani?

Asisi, tiyeni tikambirane nkhani ija timaisiyira anyamata a makompyuta.

Kuno ku Likoma kasitomala sangotulukira pamsewu ayi. Mlendo wofuna pogona, kapena wofuna kuoda usipa ndi zosokasoka, amayamba watipeza pa foni asanakwere Ilala ku Nkhata Bay. Ndiye mayi akavutikira n'kutsegulitsa webusaiti, dzina lake lija, lomwe amati domain, ndiye chikwangwani cha shopu yake.

Koma taonani zomwe timachita. Timapereka ndalama kwa achimwene, kwa chibwenzi kapena mnyamata wodziwa kompyuta kuti atikonzere. Iye polembetsa amaika dzina lake, imelo yake, nambala yake. M'kaundula, mwini wake ndi amene walembedwayo, osati amene anatulutsa ndalama. Tsiku lomwe mwayambana, password wapita nayo, makasitomala nawonso apita. Ndi nkhani yakale ija ya malo: wolima ndiwe, koma pepala lili m'dzina la abambo.

Chinanso, domain sagula kamodzi n'kuiwala. Ili ngati lendi, imalipiridwa chaka ndi chaka kapena pa zaka zingapo. Nthawi ikatha osalipira, munthu wina akhoza kulitenga dzinalo. Nanga uthenga wokumbutsa ukamapita ku imelo ya munthu amene munasiyana naye, mudziwa bwanji?

Nkhaniyi ili ndi eni ake. Mayina othera ndi .mw amasungidwa ndi Malawi SDNP kuyambira 2002. Othera ndi .com amatsata malamulo a ICANN, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ku America mu 1998. Kwathu kuno, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limakambanso za ma domain, ndipo limapereka udindo kwa MACRA. Za ufulu wa ogula zili ndi CFTC.

Ife tikuti malamulo alipo, inde, koma afike kutsidya lino la nyanja. Mayi wa ku Chizumulu asamachite kudikira sitima kuti akadandaule kumtunda. Tikupempha kuti zonsezi zifotokozedwe m'Chichewa, chikumbutso cholipira chizibweranso pa SMS, ndipo madandaulo azilandiridwa pa foni. Ndipo aliyense wolembetsera mnzake domain azikakamizidwa kulemba dzina la mwini bizinesi.

Podikira zimenezo, tisakhale chete. Lero lomwe funsani amene anakukonzerani: pamalo a registrant palembedwa ndani? Ngati si inu, asinthe muli pomwepo. Imelo ikhale yanu, password yanu, lisiti musunge, tsiku lolipira mulembe.

Akakwiya chifukwa mwafunsa, dziwani kuti funsolo linali loyenera.

Amene muli ndi webusaiti, tiuzeni: inalembedwa m'dzina la ndani?