Anthu a ku America achepetsako zakudya zachangu, koma sanazisiye

Chiwerengero cha anthu a ku United States amene amadya pafupipafupi m'malesitilanti ogulitsa zakudya zachangu, monga McDonald's, KFC ndi Burger King, chatsikako m'zaka 20 zapitazi. Komabe zikuoneka kuti chimene chikuwabweza kwambiri ndi ndalama.

Kafukufuku wa bungwe la Gallup anapeza kuti m'chaka cha 2006 anthu 56 pa 100 alionse ankadya m'malo amenewa kamodzi kapena kangapo pa sabata. Pofika 2013, dzikolo litadutsa m'mavuto a zachuma a 2008, chiwerengerocho chinatsika kufika pa 47. Ngakhale zinali choncho, anthu 8 pa 10 alionse ankadyabe kumeneko kamodzi kapena kuposerapo pa mwezi, ndipo 4 okha pa 100 ndi amene anati sapondako phazi.

Bungwe la boma loona za matenda la CDC nalo linapeza zofanana. Pakati pa 2013 ndi 2016, akuluakulu pafupifupi 37 pa 100 ankadya zakudyazi pa tsiku lililonse, koma pakati pa 2021 ndi 2023 anali 32.

Chochititsa chidwi n'chakuti anthuwa akhala akudziwa kale kuopsa kwa tchipisi, nkhuku yokazinga ndi zakumwa zashuga, zimene zimathandizira kunenepa kwambiri, matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. M'chaka cha 2003 anthu 76 pa 100 anauza Gallup kuti zakudyazi si zabwino m'thupi, ndipo mu 2013 chiwerengerocho chinali chomwecho. Maganizo sanasinthe, koma kadyedwe kanasintha.

Ziwerengerozi zikutsutsanso maganizo akuti zakudyazi ndi za anthu osauka. Mu 2013, theka la anthu a m'mabanja opeza madola 75,000 kapena kuposa pa chaka ankadya kumeneko sabata iliyonse, pamene mwa opeza ndalama zosakwana madola 20,000 anali 39 pa 100. Achinyamata ndi amene amapitako kwambiri kuposa okalamba.

Zimenezi zinaonekera poyera mu 2024. Mitengo itakwera, malonda a McDonald's anatsika kwa nthawi yoyamba chiyambire 2020, ndipo akuluakulu a kampaniyo anavomereza kuti makasitomala opeza zochepa ayamba kudyera kunyumba. M'mwezi wa June chaka chomwecho kampaniyo inayambitsa chakudya cha madola 5 pofuna kuwakopanso.

Apa ndi pamene pagona nkhawa. Ngati anthu achepetsa kudya m'malowa chifukwa cha kuchepa kwa ndalama, palibe chitsimikizo chakuti sadzabwererako mitengo ikatsika. Kwa akuluakulu a zaumoyo, phunziro ndi lakuti kuchenjeza kokha sikukwanira pokhapokha chakudya chopatsa thanzi chitakhala chotsika mtengo komanso chosavuta kupeza kwa munthu amene akuthamangira kuntchito.