Apolisi akagogoda pakhomo, funsani pepala

Mu 2021 zigawenga zinalowa m'boma la Mecula, kuno ku Niassa. Kuyambira pamenepo mantha sanatheretu. Mantha akakula, anthu amayamba kunena kuti: asiyeni apolisi alowe paliponse, wosalakwa saopa. Mawuwa amamveka bwino, koma lamulo silinena choncho.

Lamulo lalikulu la dziko lathu, Constituição ya 2004, pa ndime 68, likuti munthu salowa m'nyumba ya mnzake mwini wake asakufuna, pokhapokha woweruza atalamula. Woweruza ndiye juiz wa ku khoti. Si mkulu wa esquadra, si mlembi wa bairro, si mfumu ayi. Ndime yomweyo ikutinso usiku palibe wolowa m'nyumba popanda mwini kuvomera.

Chilolezo cha woweruza chimabwera papepala lotchedwa mandado de busca. Asanasayine, woweruzayo afunika kuona zizindikiro zoti m'nyumbamo mulidi chinthu chokhudza mlandu, monga mfuti, minyanga ya njovu kapena katundu wobedwa. Pachipwitikizi amati indícios. Apa ndi pamene pali nkhani. Mnansi amene mudakangana naye za malire a munda angathe kukanena kuti mumabisa zinthu. Mawu ake okha ndi mphekesera. Kukhala mlendo wochokera ku Cabo Delgado, kapena kuvala mkanjo ndi kusunga ndevu, sichizindikiro cha mlandu. Ntchito ya woweruza ndi kufunsa apolisi a PRM kapena a SERNIC kuti: mwaona chiyani, wakuuzani ndani, mwatsimikiza bwanji?

Nanga apolisi akalowa molakwika, koma n'kupezadi chinthu? Ku America, mu 1984, khoti lalikulu linagamula pa mlandu wa Leon kuti umboni ungagwirebe ntchito ngati apolisi anakhulupirira ndi mtima woona kuti pepala lawo linali labwino. Koma linaikanso malire: amene ananamiza woweruza kuti apeze pepalalo sangabisale kumbuyo kwa mtima wabwino. Kwathu kuno ndime 65 ikuti umboni wopezeka mwa kuzunza munthu, kumuumiriza, kapena kulowerera m'nyumba mwake mopondereza ndi wopanda ntchito. Ine ndikuona kuti mawu athuwa ndi olimba bwino. Mtima wa wapolisi ndani angauone? Pepala ndiye timaliona.

Pali pena pamene lamulo limatseguka: mwini nyumba akavomera yekha. Ambiri timataya ufulu pamenepa. Tikaona yunifolomu timangoti "lowani, bwana", mwina n'kudinda chala papepala lomwe sitinawerenge. Tikatero, mawa kukhoti adzati munavomera nokha.

Ndiye inu amene mwaphunzira kuwerenga, pemphani pepalalo mwaulemu. Musalimbane nawo, musatseke njira. Yang'anani dzina lolembedwapo, malo a nyumba, tsiku, ndi siginecha ya juiz. Ngati dzinalo si lanu ndipo nyumba yotchulidwayo ili ku Chiuaula pomwe inu mukukhala ku Sanjala, nenani pomwepo anansi akumva. Chipwitikizi chikavuta, itanani mwana wa sukulu awerenge mokweza. Akatenga katundu, pemphani kuti alembe chilichonse, ngakhale foni kapena wailesi.

Akalowa mokakamiza popanda pepala, sungani m'mutu tsiku, nthawi ndi anthu amene anaona. Kenako pitani ku Procuradoria, kapena ku IPAJ, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu opanda ndalama zolipira loya. Zonse ziwiri zilipo muno mu Lichinga.